Mikanda Yodulidwa ya Jenala

Sendera kuno, mwana iwe, utsiwo ukupha maso. Poto wakoyo muike pambali pa wangayu, motowu ukwanira tonse. Wati amene ukudwazika ndi mkulu wako, ndipo akulowa ku fiyeta mawa m'mawa? Opaleshoni ya pamimba? Chabwino. Nanga mikanda ya m'chiuno wamuvula? Usaseke, ndikufunsa zenizeni. Ife magadiyani a pachipatala amationa ngati ongophika phala ndi kuchapa zitenje, koma tili nazo zina zoti tiziuzana tokhatokha. Khala pansi ndikuuze za mng'ono wanga Jenala, phalalo lizipsa.

Kwathu ndi kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kozizira kuja. Jenala ndi wopondana nane, bere limodzi. Mwamuna wake, alamu anga a Lufeyo, ndi okhoma ndowa ndi makeni othirira kudimba. Munthu wabwino, koma pakamwa ndiye polemera. Ukawapatsa moni m'mawa, yankho umalilandira dzuwa litafika pamutu. Ine ndinkawaseka kuti mawu awo onse anathera m'nyundo.

Jenala anali mkazi wolikonda thupi lake, ndipo sindikunena moipa ayi. Amayi athu asanamwalire anamutema mphini pamimba, timizere toyenda bwino mbali zonse za mchombo, ndipo anamutungira mikanda yoyera yosakaniza ndi yofiira. Kudambo tikamasamba, amayi anzathu ankasiya kuchapa n'kumamuyang'ana. Yanga mimba ya mandasiyi panalibe wotaya nayo nthawi.

Ndiye kunabwera matenda. Ankangotaya magazi, mimba n'kumakula ngati woyembekezera. Tsiku lina anagwa m'munda, anamutengera ku chipatala china, osati chino, ndipo madokotala anapeza chotupa m'chiberekero. Anati sizodikira, achotse chiberekero chonse tsiku lomwelo. Ine nthawiyo ndinali ku Kasungu, kumene mwana wanga anali atangochira kumene. Amene anapita kukamudwazika anali amayi athu aang'ono, aNamwale.

Pamene ndimabwerera kumudzi n'kuti chilonda chitapola. Anthu ankati tithokoze Mulungu, ndipo tinathokozadi. Koma Jenala amene ndinamupeza sanali yemwe ndinamusiya. Chitenje ankamanga mpaka m'khwapa. Kudambo anasiya kupita, ankasamba yekha kubafa kuseri kwa nyumba, nthawi ya chisisira, anthu akamabalalika kukaphika.

Tsiku lina ndinamuona akuphula ndowa ya madzi otentha pamoto. Poinyamula anaigundika pamimba, monga timachitira ndi ndowa ya madzi ozizira, n'kumapita nayo bwinobwino. Ndinamukokera m'nyumba n'kumuvundukula mokakamiza. Matuza anali atayamba kale kutuluka.

"Iwe, wapsa! Sukumva?"

"Pati?" anatero, akuyang'ana pansi ngati ndikumufunsa za mwana wa eni.

Apo ndi pamene ndinaiona mimbayo koyamba. Chipsera chinayambira pamchombo kutsika mpaka pansi, chonenepa, chakuda. Chinadula mphini za amayi pakati, ndipo posoka mizereyo sinakumanenso, ya kumanzere inakwera, ya kumanja inatsika. M'munsi mwake khungu linkalendewera mbali imodzi. Mikanda panalibe.

"Akulu, apa si panga," anatero. "Kuyambira pamchombo mpaka apa, dzanzi lokhalokha. Ndayesa kutsina, ndayesa singano. Ndikagwira zimakhala ngati ndagwira mimba ya munthu wina. Adokotala anati timitsempha timaduka akamang'amba, ena kumva kumabwerera, ena ayi."

"Nanga alamu aona?"

"Aone chiyani? Ndinawauza kuti asadzayerekeze."

Ndipo alamu angawo, poti ndi omvera, sanayerekezedi. Anatenga mphasa n'kumagona pabalaza. Ine zinandipweteka, koma ndinati za m'nyumba ya eni ndisazilowerere. Ndinangoyamba kupitako tsiku ndi tsiku, poti nyumba zathu ndi zoyang'anizana.

Zinayamba ndi sopo. Jenala ankati sopo akutha msanga kubafa, ine ndinati ndi makoswe. Kenaka alamu anayamba kudandaula kuti ndowa zatsopano, zoti sanazigulitse, akumazipeza zonyowa m'kati. Ankazivundikira pakhonde madzulo zili zouma, m'mawa n'kupeza imodzi yatembenuzidwa, timadzi tili pansi pake. Mvula kunalibe, unali mwezi wa fumbi. Anafunsa ana a m'mudzi, onse anakana.

Kenaka linabwera fungo. Ndikamadutsa kuseri kwa nyumba yawo dzuwa likulowa, ndinkamva mafuta a nsatsi. Iwe ndiwe wamng'ono, mwina sunawanunkhizepo. Ndi mafuta amene amayi akale ankadzola, olemera, onunkha ngati mtedza wopserera. M'mudzi mwathu wotsiriza kuwayenga anali amayi athu. Chimwalirire iwo, nsatsi zinkangouma m'mitengo.

Sindinauze munthu. Ndinati mwina mphuno zanga zayamba ukalamba.

Tsiku lina ndinkachokera kumsika, dengu lili pamutu. Dzuwa linali litangobisala kuphiri, koma kunja kukuonekabe. Pamphambano pamene njira ya kumanda imakumana ndi ya kumudzi ndinapeza amayi awiri ataima. Aliyense anasenza mtsuko, osati ndowa kapena chigubu ayi, mtsuko weniweni wadothi, pankhata ya udzu. Anafunda zitenje mpaka kumutu monga timachitira pa maliro, moti nkhope sindinazione bwino. Ndinawapatsa moni. Anayankha onse pamodzi, motsitsa, mwaulemu zedi.

"Pepani mayi," anatero wamtaliyo, "pakhomo pa Jenala mpomwe paja?"

"Mpomwe paja. Ndinu a kuti?"

"Ndife a konkuno."

Ine m'mudzi muja ndinabadwiramo, ndipo palibe mayi amene sindimudziwa ngakhale atandipatsa msana. Anandipatuka n'kumapita. Mitsuko inali yodzaza mpaka pakamwa, ndinaona madzi akunyezimira, koma ngakhale dontho silinagwe. Wamfupiyo ankakoka pang'ono mwendo wamanzere. Ndinaima pamenepo mpaka dengu linayamba kundilemera. Nditafika kwa Jenala ndinapeza alamu akukhoma ndowa pakhonde, ndipo anati sikunabwere mlendo aliyense.

Chimene chinandiopsa kwambiri si amayi aja ayi. Chinali chakuti Jenala anayamba kusangalala. Ankaimba potsuka mbale. Dzuwa likangopendeka ankayang'anayang'ana kubafa ngati mtsikana wodikira chibwenzi. Koma kudya anachepetsa, ndipo ukamugwira dzanja linali lozizira.

Ndinamupeza akusola mtedza pamkeka, ndinakhala naye pafupi.

"Tandiuza, chikukusekeretsa n'chiyani masiku ano?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kunditsina khutu. "Akulu, ndayamba kumva."

"Zoona? Tiye ndikutsine tione."

"Ayi, inu sindingakumveni. Ndimamva iwo."

"Iwo ndani?"

"Amabwera ndikalowa kubafa. Ndimangotseka maso, poti ndikatsegula amasiya. Amandithira madzi pamimba, ozizira bwino, ndiye dzanja limayamba kundisambitsa. Akulu, ndimalimva! Chala chilichonse ndimachimva. Limadutsa pachipsera pomwe osanyansidwa, limatsata mphini zija mzere ndi mzere, ngati likuzidziwa." Misozi inalengeza m'maso mwake, koma akumwetulira. "Ndinaiwala kuti pamenepa pamakoma kugwiridwa."

Ndinafuna kukuwa. Koma ndinadzigwira, poti munthu wosangalala sumudzidzimutsa. Ndinamupempha kuti tilowe m'nyumba. Ndinatenga khala pamoto wozima, ndipo ndinayamba kumutsina pang'onopang'ono kuchokera pachifuwa kutsika. Pamene wati apa sindikumva, ndinkalemba. Mzere unazungulira bwinobwino, koma sunadutse pamchombo monga anandiuzira poyamba. Unadutsa pamwamba pake ndithu.

Patapita masiku ndinalembanso. Mzere unali utafika m'nthiti. Nditadzalembanso kachitatu unali pansi pa mabere, ndipo kumbuyo unali utazungulira msana. Paliponse pamene dzanja lija lasambitsa, dzanja la munthu wamoyo silinkamvekanso.

"Jenala, dzanzili likukwera."

"Ndikudziwa," anatero mosatekeseka. "Dzulo anafika apa." Analoza pamtima.

Sindinadikire kuti kuche kawiri. Ndinapita kwa aNamwale, ndinawapeza akupeta mphale. Sindinakhale n'komwe pansi.

"Amayi, mikanda ya Jenala ili kuti?"

Lichero linaima m'manja mwawo. Kenaka anayamba kufotokoza. Tsiku la opaleshoni zinthu zinali zothamanga. Anamwino anati chilichonse cha m'thupi chichoke. ANamwale anayesa kumasula mfundo, koma inali ya kalekale, yolimba. Namwino wina, pofuna kupulumutsa moyo, anangotenga sizasi n'kudula. Anawapatsa mikandayo m'manja n'kukankha bedi.

Tsono mvetsa apa, mwana iwe, poti mwina kwanu n'zosiyana. Kwathu mikanda ya munthu wamoyo sadula. Ikathina amamasula, ikakalamba imaduka yokha. Yodula ndi mpeni ndi ya maliro. Amayi osambitsa mtembo ndiwo amaidula asanathire madzi oyamba, ndipo imapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. Namwino uja sakanadziwa zimenezo, ndipo ine sindimuimba mlandu.

"Ndiye munaitani?" ndinafunsa.

"Mwananga, mikanda yodula ungailowetse m'nyumba? Ndinaimanga pakansalu. Pobwera, podutsa pamanda, ndinaiponya m'mphepete, mbali imene anagona amako. Ndinati kumeneko ndiye kwawo kwa zodula."

Ha! Mawu amene ndinawalankhula tsiku limenelo sindingawabwereze pano, poti ndi amayi anga. Iwo ankaganiza kuti akuchotsa tsoka pakhomo, osadziwa kuti akutumiza uthenga. Kumandako analandira mikanda yodula, yoti akuidziwa, ndiye anati mwana wathu wafika nthawi yake, tiyeni tikamusambitse.

ANamwale analira. Atatontholako anati, "Osambitsa akayamba sasiyira panjira. Koma wa mikanda m'chiuno samuthira madzi. Muvekeni ina, yomanga ndi manja."

Tsiku la msika ndinakagula mikanda, yoyera ndi yofiira, ndinaitunga ndekha. Ndinapita nayo kwa Jenala ndili ndi chimwemwe, ngati ndapeza mankhwala. Anailandira, anaiyang'ana, n'kuiika pamkeka.

"Yokongola. Mupatseni Dolika akadzakwatiwa." Dolika ndi mwana wake, nthawiyo anali kusukulu yogonera konko.

"Ndi yako. Imirira ndikumange."

"Mumange pati? Pathumba ili? Mikanda amavalira woti aione, akulu. Ine wondiona ndani?"

Ndinamuuza zonse, za sizasi, za kumanda, za amayi awiri a mitsuko. Ndinkayesa achita mantha. Anangogwedeza mutu ngati ndikumuuza zoti anazidziwa kale.

"Ndinalizindikira dzanjalo," anatero. "Chala chapakati n'chopindika."

Amayi athu chala chapakati chinapindika ndi khasu, ndipo mwendo wamanzere ankaukoka poyenda.

Ndinapsa mtima. Ndinamugwira mwamphamvu n'kumumanga mikandayo, iye osalimbana nane n'komwe. M'mawa mwake ndinaipeza pakhomo panga, itakulungidwa bwino patsamba la nthochi. Sinadulidwe ayi. Anaimasula yekha.

Apo ndinazindikira kuti nkhondo yanga si ya ndi akumanda. Mng'ono wanga ankapita yekha, mwakufuna kwake, chifukwa kumeneko kokha ndi kumene kunali omugwira.

Ndinapita pakhonde pamene alamu ankakhoma. Ndinawalanda nyundo m'manja.

"Alamu, mkazi wanu akupita inu muli gogogo ndi malata. Kodi munakwatira ndowa?"

Anandiyang'ana, maso ofiira. Kunena zoona anali ataonda nawonso, ine sindinkaona chifukwa ndinkangoyang'ana mbale wanga.

"Anandiletsa," anatero.

"Anakuletsani, inu n'kuvomera? Mukagona pabalaza iye amati mukunyansidwa naye."

"Ine? Ine ndimaopa kumupweteka, alamu. Anamung'amba. Ndimati ndikamukhudza mwina pangatseguke. Ndimamva akulira kuchipinda, ndimafika pachitseko, n'kubwerera."

Chikhalire alamu anga, sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero. Ndinawafotokozera zonse, ndipo ndinawapatsa mikanda ija. Anaitembenuza m'manja mwawo muja, manja okhakhala, odzaza mabala a malata. Anati ulusi wanga ndi wofooka. Anaisolola yonse n'kuyamba kuitunga okha pa ulusi wolimba wosokera matumba. Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kutunga mikanda pakhonde masana! Anyamata odutsa ankaseka, iwo osadzutsa mutu. Kamkanda kakagwa ankakafunafuna m'fumbi mpaka akapeze. Ntchito yoti ine ndinaigwira pakanthawi, iwo inawatengera mpaka dzuwa kupendeka.

Pamene amamaliza n'kuti Jenala atalowa kale kubafa. Sitinamuone akudutsa. Chimene chinatidziwitsa ndi fungo la nsatsi, limene tsiku limenelo linafika mpaka pakhonde. Nkhuku zimene zinkalowa m'khola zinangoti zii. Tinazungulira kuseri. Ndowa ya Jenala inali panja pa bafa, yodzaza, chikho chikuyandama pamwamba. Koma m'katimo madzi ankamveka akuthiridwa, pang'onopang'ono, mosamala, monga amathirira munthu woti sangadzithire yekha.

Ndinagwira mpanda wa udzu wa bafalo n'kusuzumira pakampata. Jenala anakhala pamwala, chitenje chili m'chiuno, maso ali chitsekere, nkhope ili m'mwamba. Madzi ankatsika kuchokera m'khosi mwake. Kumene ankachokera sindinakuone, ndipo sindinafune kukuona. Kumbuyo kwake kunali mdima woposa wa nthawi imeneyo.

Kwathu mwamuna salowa kubafa mkazi akusamba, kunja kukuoneka, mlamu wake ali pomwepo. Alamu anga analowa. Anangoti "Odi," ngati akulowa m'nyumba ya eni, ndipo madzi aja anasiya.

"Tulukani," anatero Jenala, osatsegula maso. Manja anathamangira kubisa pamimba. "Tulukani, bambo a Dolika, musaone."

"Ndaona kale," anatero iwo. Anagwada m'matope momwemo. Anachotsa manja ake aja, limodzi, kenaka linalo. Anayang'ana. Sanathamangitse maso, sanayang'ane kumbali. Anayang'ana chipsera chonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi khungu lolendewera lija, ndi mabala a matuza.

"Anasoka mokhota," anatero. "Ine ndikanawongola."

Iii, alamu anga! Mawu oyamba kuuza mkazi wako ndi amenewo? Koma Jenala kanamutuluka kaphwete, kosafuna, kosakanikirana ndi kulira. Maso sanatsegulebe.

Anamuzunguliza mikanda ija m'chiuno. Zala zawo zinkalephera mfundo, anabwereza kangapo mpaka inagwira. Atatero anaika dzanja lawo lonse pamimba, pachipsera penipeni.

"Amake Dolika, ukumva?"

"Ayi."

"Nanga apa?"

"Ayi. Sindikumva chilichonse." Anapukusa mutu. "Lawo ndimalimva. Lanu sindilimva. Ndisiyeni ndipite kumene ndimamva, chonde."

Kunja konse kunali bata. Kumbuyo kwa Jenala kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akusuntha mtsuko pankhata, kudikira.

"Ine ndikumva," anatero alamu. "Pakufunda. Ukapuma pakukwera, pakutsika. Apa pali kamtsempha kakugunda. Munthu wake alimo muno."

Misozi ya Jenala inkangotsika.

"Ngati sukulimva, tsegula maso uzilione. Lili pompa. Silichoka."

"Ndikatsegula apita," ananong'ona. "Sadzabweranso. Sindidzamvanso pamenepa mpaka kufa."

"Eya," anatero alamu. Sanamunamize.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ine ndinkapemphera, koma mawu a pemphero anandisokonekera, ndinkangoti amayi, amayi, musiyeni mwana. Ndinaona zikope za Jenala zikugwedezeka. Anapendeketsa mutu cha kumbuyo, ngati mwana wotsamira pachifuwa cha amake, ndipo ndinati basi wapita. Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anaweramitsa mutu n'kutsegula maso.

Anayang'ana dzanja lija, lakuda, lamabala, lili pamimba pake. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika lake pamwamba pa lawo.

Kuseri kwa bafa madzi anakhuthulidwa pansi. Osati pang'onopang'ono ngati poyamba ayi, onse nthawi imodzi, mtsuko woyamba, kenaka wachiwiri. Anayenderera pansi pa mpanda mpaka anandinyowetsa mapazi, ozizira ngati a pachitsime cha m'phiri. Nditatembenuka ndinaona amayi awiri aja ali kale patali, m'njira yodutsa m'munda. Mitsuko sanasenze, anainyamula m'manja, yopanda kanthu. Wamfupi uja anaima pang'ono pamalire a munda. Sanacheuke. Anangoima, kenaka anapitiriza, akukoka mwendo wake uja.

Ndinalira, mwana iwe. Ndinalira ngati maliro a amayi achitika tsiku lomwelo.

Dzanzi lija linatsika pang'onopang'ono, kuchoka pamtima, kuchoka m'nthiti, mpaka linabwerera pamchombo pamene linayambira. Pamenepo linaima, ndipo lilipo mpaka lero. Sindikunamiza kuti anachira. Madzi osamba amayamba wawayesa ndi chigongono, ndowa yotentha sayandikitsanso pamimba. Kudambo anabwerera. Tsiku loyamba amayi anzathu anayang'ana, iye anati, "Yang'anitsitsani lero lomwe, mawa musandivutitse," ndipo zinathera pomwepo. Alamu anga mpaka pano akafuna kumugwira amayamba anena kuti, "Dzanja likubwera," kuti aliyang'ane. Ine ndimawaseka nazo, iwo amangoti gogogo ndi nyundo yawo.

Tsiku lina tikupalira ndinamufunsa ngati amalikumbuka dzanja lija. Anaimika khasu.

"Tsiku lililonse," anatero. "Dzuwa likamalowa pamimba pamakhala ngati pakudikira. Koma ndimaikapo langa. Mimba siimva dzanja, akulu, koma dzanja limaimva mimba." Anatero n'kupitiriza kupalira.

Taona, phala lako lapsa, liphule lisanapserere. Ukamupatsa mkulu wakoyo, umuuze atembenuke, umumasule mikandayo wekha ndi zala. Mfundo ikalimba usafulumire, uinyowetse ndi madzi ofunda, imasuka. Uisunge pachitenje chako, ndipo akadzatuluka, kaya pamimbapo padzaoneka bwanji, usadzayang'ane kumbali. Udzamumangenso.